Tidaseka pamene mlakatuli ankaphedwa pa nsanja

Akonzi,

Ndiloleni, kudzera m'nyuzipepala yanu, ndithirepo ndemanga pa sewero la Julius Caesar lolembedwa ndi William Shakespeare, limene gulu la zisudzo la pasukulu yathu lidatisewerera masabata angapo apitawa. Ine ndine wophunzira, ndipo seweroli ndidali nditaliwerenga kale m'kalasi mpaka kuloweza zimene timayankha pa mayeso, zoti Brutus ndi munthu wolungama amene adalakwa chifukwa chokonda dziko lake, zoti Cassius ndi wansanje, ndiponso zoti Antony ndi wochenjera pakamwa. Ndidalowa m'holo mayankho amenewa ali m'mutu, ndipo ndinkaganiza kuti ampangankhaniwa, atavala mikanjo yawo yoyera, angotsimikizira zimene zili m'kope langa. Ndidatuluka ndili ndi manyazi aakulu chifukwa cha zimene manja anga ndi pakamwa panga zidachita m'maola awiri amenewo, ndipo manyazi amenewo ndi amene andilembetsa kalatayi.

Kwa owerenga amene sadakumanepo ndi seweroli, nkhani yake imachitikira ku Roma m'chaka cha 44 Yesu asanabadwe. Mkulu wa asilikali Julius Caesar adali atagonjetsa adani ake onse, ndipo mphamvu zonse za boma zidaunjikana m'manja mwake. Aroma adali atathamangitsa mfumu yawo yomaliza zaka zoposa 450 m'mbuyomo, ndipo liwu loti mfumu linkawanyansa kwambiri moti gulu la akuluakulu a m'bwalo la Seneti, lotsogoleredwa ndi Brutus ndi Cassius, lidapangana zomupha, n'kumubaya pa 15 Marichi chaka chomwecho. Shakespeare adalemba seweroli m'chaka cha 1599, potengera mbiri imene Plutarch, wolemba wakale wa ku Greece, adalemba, imene Thomas North adaimasulira m'Chingerezi mu 1579. Pa nthawiyo Mfumukazi Elizabeth ya ku England idali itakalamba, idalibe mwana, ndipo funso loti adzalowe m'malo mwake ndani lidali loopsa kulifunsa poyera. Wolembayo adathawira ku Roma wakale kuti akafunsireko mafunso amene kwawo sakadawafunsa.

Ndiyambe ndi mwini dzina la sewero. Powerenga, Caesar ndinkamuona ngati chimphona, koma pa nsanja adaoneka munthu wopita ku ukalamba, wogontha khutu lamanzere, wodwala khunyu, amene m'mawa wa tsiku la imfa yake amasintha maganizo kawiri, poyamba chifukwa cha maloto oipa a mkazi wake Calpurnia, kenako chifukwa Decius, mmodzi mwa achiwembu, wamasulira malotowo mokomera ndipo wamuopseza kuti akuluakulu a Seneti amuseka. Amadzitchula dzina lake ngati akunena za munthu wina, ndipo mphindi zochepa asanabayidwe amadziyerekeza ndi nyenyezi ya kumpoto imene sisuntha. Ndidamumvera chisoni, ndidatopanso naye. Ndidafunafuna nkhanza zake pa nsanja koma sindidazione, kupatula pa mzere umodzi umene m'kalasi ndidangoudumpha. Sewero limayamba ndi akuluakulu awiri oimira anthu wamba, Flavius ndi Marullus, akubalalitsa khamu limene lasiya ntchito kuti likachingamire Caesar. Pakangopita nthawi pang'ono, Casca, wachiwembu wina, amatchula mongodutsa kuti awiriwa awatseka pakamwa chifukwa chochotsa zokongoletsa pa zifanizo za Caesar. Anthu awiri amene tidawaona ndi maso athu akuyankhula molimba mtima sadabwererenso pa nsanja, ndipo palibe mpangankhani ndi mmodzi yemwe amene adafunsa kuti ali kuti. Pamenepo ndidamva kuzizira kumsana, popeza ndidazindikira kuti nanenso sindidafunse.

Cassius ndiye adayamba kundisokoneza. Kope langa limati ndi wansanje, ndipo silikunama. Akamanyengerera Brutus satchula lamulo limene Caesar waphwanya kapena nzika imene yazunzidwa. Amafotokoza za tsiku limene iye ndi Caesar adapikisana kusambira mu mtsinje wa Tiber, Caesar n'kulefuka pakati pa madzi mpaka kupempha kuti amupulumutse, ndi za nthawi ina ku Spain pamene Caesar adadwala n'kumanjenjemera ndi kubuula ngati wina aliyense. Chomuwawa n'choti munthu amene adamuvuula m'madzi ndi manja ake lero ndiye woti azimugwadira. Ndi Cassius yemweyo amene amalemba makalata abodza m'zilembo zosiyanasiyana, ngati achokera kwa nzika zambiri, n'kuuza mnzake kuti akawaponye pawindo la Brutus. Zonsezi n'zoipa, ndipo sindikumuikira kumbuyo.

Komabe pamene sewero linkapitirira ndidaona kuti pa mfundo iliyonse yofunika, wansanjeyu ndiye ankaona patali. Adati Antony, bwenzi lapamtima la Caesar, aphedwe pamodzi ndi Caesar, Brutus adakana. Adati Antony asaloledwe kuyankhula pa maliro, Brutus adakananso. Pa nkhondo adati ndi bwino kudikira adani ku Sardis kuti afike atatopa, koma Brutus adaumirira zopita kukakumana nawo ku Philippi. Ulendo uliwonse Cassius amagonja, ndipo mnyamata amene adatenga mbali yake ankagonja mopweteka mtima, akuyang'ana pansi, ngati munthu amene akudziwa kumene akupita koma sangathe kusiyana ndi mnzake. Adafuna dzina labwino la Brutus kuti likute chiwembu chake, ndipo dzina lomwelo lidamumanga manja. Pomaliza amafa pa tsiku lake lobadwa, chifukwa cha uthenga wolakwika woti mnzake Titinius wagwidwa ndi adani, atapempha kapolo wake Pindarus kuti amubaye ndi lupanga lomwe lija adabayira Caesar. Sindinkayembekezera kuti ndingamulire munthu ameneyu, koma mtima udandiwawa, mwina chifukwa iye yekha m'gulu lonselo sankadzinamiza pa zimene ankachita.

Wodzinamiza adali Brutus, ndipo apa ndi pamene ndikusiyana ndi zimene taphunzitsidwa. Mnyamata amene adasewera mbali imeneyi ndi wofatsa ngakhale kunja kwa sewero, ndipo ankayankhula motsitsa mawu moti tonse tinkatchera khutu ngati tikumvera malangizo a munthu wamkulu. Koma tamvani zimene mawu ofatsawo ankanena. Ali yekha m'munda wake usiku, Brutus amayamba ndi chigamulo choti Caesar ayenera kufa, kenako ndi pamene amayamba kufunafuna zifukwa. Amavomera yekha kuti alibe naye mlandu, ndiponso kuti sadamuonepo akulola mkwiyo kapena chilakolako kugonjetsa nzeru zake. Mlandu wonse wa Caesar ndi zimene angadzachite akadzavekedwa chisoti chachifumu, ndipo n'chifukwa chake Brutus amamuyerekeza ndi dzira la njoka loyenera kuphwanyidwa njokayo isanatuluke. Mkalasi fanizo limeneli tidalitcha lokongola, tidalilemba mzere kunsi kwake. Nditalimva likutuluka pakamwa pa munthu wamoyo, ndidadzifunsa kuti pa mulingo umenewu angapulumuke ndani, popeza palibe munthu amene sangaganiziridwe kuti mawa adzaluma.

Usiku womwewo mnyamata wake wantchito, Lucius, amamubweretsera imodzi mwa makalata abodza aja. Kalatayo ili ndi mipata, mawu ake sadamalizidwe, ndipo Brutus amaidzaza yekha ndi zimene mtima wake ukufuna kumva, n'kulonjeza Roma kuti amuyankha. Munthu wophunzira chotere sadafunse kuti walemba ndani. Anzake atabwera n'kupereka maganizo oti Cicero, mkulu wodziwa kuyankhula, alowe nawo m'chiwembu, Brutus amakana ponena kuti Cicero satsatira zimene ayambitsa ena. Mnzanga amene ndidakhala naye pafupi adandigunda ndi chigongono pa mawu amenewa, popeza Brutus ankadzifotokoza yekha osadziwa. Akulu adati samva za anzake adamva nkhwangwa ili m'mutu, koma chowawa m'seweroli n'choti nkhwangwayo idagweranso pa mitu ya anthu ambiri amene sadafunsidwe maganizo.

Pali zinthu ziwiri zina zimene buku lidandibisira koma nsanja idandionetsa. Choyamba ndi magazi. Brutus amauza anzake kuti akhale ngati ansembe opereka nsembe, asakhale ngati opha nyama, ndipo Caesar atagwa amawalamula kuti asambe m'magazi ake mpaka m'zigongono. Pa pepala mawuwa amamveka ngati mwambo wopatulika. Pa nsanja tidaona anyamata atawerama mozungulira mtembo, akudzipaka utoto wofiira, kenako n'kuimirira manja akuchucha, ndipo palibe amene akadawatcha ansembe. Chachiwiri ndi ndalama. Ku Sardis, Brutus amadzudzula Cassius mwaukali kuti ndi wakatangale, wogulitsa maudindo, ndipo amadzitama kuti iye sangalande anthu osauka kakobiri ndi kamodzi komwe. M'mkangano womwewo amamudandaulira kuti adamumana golide woti alipirire asilikali ake. Ndiye kuti ankafuna ndalama zomwezo zimene ankazitcha zodetsedwa, malinga ngati wodetsa manja ndi wina. Anthu otere timawalemekeza kwambiri, ndipo ine ndidawalemekeza pa mayeso a teremu yatha, pomwe ndidapeza malikisi abwino polemba kuti Brutus adali wopanda banga.

Sindinganene kuti ndidamuda. Pamene amafunditsa Lucius amene wagona chida chake choimbira chili m'manja, n'kuchichotsa mosamala kuti chingasweke, ndidaona munthu wachifundo chenicheni. Pamene amaulula kwa Cassius, mkangano utatha, kuti mkazi wake Portia wamwalira atameza makala a moto, ndidamvetsa chifukwa chake adali waukali chotero. Portia yemweyo ndi amene adadzibaya pantchafu pofuna kutsimikizira mwamuna wake kuti akhoza kusunga chinsinsi, ndipo mtsikana amene adasewera mbali yake adatigwira mtima tonse ngakhale adaoneka kawiri kokha. Iye ndi Calpurnia adanunkhiza tsoka lisanafike, ndipo onse awiri adangoyankhulira mphepo. Ubwino wa Brutus ndi weniweni, ndipo n'chifukwa chake amandiopsa kuposa Cassius. Chiwembu cha Cassius yekha sichikadakopa anthu. Chidafunika munthu wokhulupirika woti achiyeretse.

Tsopano ndifike pa chimene chidatsitsa dzaye. Aphunzitsi amene adakonza seweroli adachita chinthu chimene sitidachidziwe mpaka nthawi ya maliro a Caesar itakwana. Osewera mbali ya khamu la Aroma sadawaike pa nsanja, adawamwaza pakati pathu, atavala yunifolomu ngati ife, atakhala pa mabenchi omwewo. Brutus adakwera pa gome n'kufotokoza mwachidule ndi mwadongosolo kuti ankakonda Caesar koma ankakonda Roma koposa, n'kufunsa ngati pali wina amene angakonde kukhala kapolo. Mawu ovomereza adayamba kumveka kumbuyo kwanga, kenako kumanzere, ndipo posakhalitsa holo yonse idawomba m'manja, ine ndemwe ndili momwemo. Kenako wina adafuula kuti Brutus akhale Caesar, ndipo tidawombanso m'manja. Munthu wangopha mnzake kuti pasakhale Caesar, anthu amene akuti wawamasula akufuna kumuveka chisoti chomwecho, ndipo ife ophunzira amene tidawerenga bukuli tidakondwerera. Brutus sadazindikire kuti palibe amene wamumva. Adachoka yekha, atapempha khamu kuti litsale limvere Antony.

Zimene Antony adatichita sindikudziwa ngati ndingazifotokoze bwino. Adayamba modzichepetsa, ngati munthu wongobwera kudzaika mnzake m'manda, akubwereza kuti Brutus ndi anzake ndi anthu olemekezeka, ndipo ulendo uliwonse liwu loti olemekezeka linkawawa kuposa poyamba, mpaka lidasanduka chipongwe iye asadatukwane munthu. Adakumbutsa kuti Caesar adakana chisoti katatu. Adaleka kuyankhula kwa kanthawi n'kutembenuka kuti alire. Adatulutsa chikalata cha chuma cha masiye cha Caesar n'kukana kuchiwerenga, mpaka ife eni tidamukakamiza. Kenako adatsika pa gome, n'kunyamula mkanjo wa malemuyo, n'kuyamba kuloza mabowo mmodzimmodzi: apa padalowa mpeni wa Cassius, apa padang'amba Casca, apa padabaya Brutus wokondedwa uja. Misozi idalengeza m'maso mwanga, ndipo pamene khamu lidayamba kufuula kuti achiwembu aphedwe ndi kuti nyumba zawo zitenthedwe, mawu anga adali m'gulu la mawuwo. Sipadadutse mphindi makumi awiri chiwombereni m'manja Brutus.

Ndi mnzanga uja amene adandinong'oneza kuti Antony padalibepo pamene Caesar ankabayidwa. Trebonius, mmodzi mwa achiwembu, adali atamukokera panja dala. Sakadadziwa kuti bowo ili ndi la mpeni wa yani, ndipo zonse zimene zidandiliza adangozipeka pomwepo. Mfundo imeneyi ili m'buku, ndidaiwerenga, koma pa nthawi imene ndinkaifuna idathawa m'mutu. Khamu litabalalika ndi miuni, Antony adatsala yekha ndi mtembo, adapukuta misozi ndi chala chimodzi, n'kunena mosatekeseka kuti chipwirikiti chayambika, chipite kumene chifuna. Sindikukayika kuti ankamukonda Caesar, popeza tidamuona akulira ali yekha pomwe padalibe womuonera. Chimene ndidaphunzira kwa iye n'choti munthu akhoza kulira moona mtima kwinaku akuwerengera phindu la misozi yake. Gawo lotsatira limamuonetsa atakhala ndi Octavius, mlowam'malo wa Caesar, ndi Lepidus, mkulu wina wa asilikali, akulemba mndandanda wa anthu oti aphedwe, Lepidus akuvomera kuti mbale wake afe malinga ngati Antony aperekanso mwana wa mlongo wake, ndipo Antony akuvomera ndi kadontho kamodzi ka inki. Pomwepo amatuma Lepidus kukatenga chikalata chija kuti aone mochepetsera zimene Caesar adasiyira anthu. Madrakima 75 (ndalama za nthawiyo) amene chikalatacho chidalonjeza nzika iliyonse, amene tidawafuulira ndi chimwemwe, adali atayamba kale kudulidwa.

Pakati pa maliro ndi mndandanda umenewu pali kachigawo kakafupi kwambiri, ka mizere pafupifupi makumi anayi, kamene m'kalasi tidakadutsa mothamanga chifukwa sikabwerabwera pa mayeso. Mlakatuli wina dzina lake Cinna watuluka m'nyumba, ngakhale mtima ukumuletsa, kuti apite ku maliro a Caesar, amene adali bwenzi lake. Khamu limamuzinga n'kumufunsa dzina lake, kumene akupita, kumene amakhala ndiponso ngati ali pabanja. Mnyamata amene adasewera mbali imeneyi ndi wamng'ono thupi, wanthabwala, ndipo adalowa atakumbatira mapepala ambirimbiri. Mayankho ake adatiseketsa. Atatchula dzina lake, khamu lidakumbukira kuti mmodzi mwa achiwembu nayenso ndi Cinna. Iye adakuwa kuti ndi Cinna mlakatuli, osati wachiwembu, ndipo wina adayankha kuti amukhadzule basi chifukwa cha ndakatulo zake zoipa. Holo yonse idafa ndi phwete. Ndidaseka mpaka kugwira m'mimba.

Tidasekabe pamene adamugwetsa pansi. Tidasiya pamene mapepala ake adamwazika m'mwamba n'kuyamba kugwera pa mabenchi akutsogolo, ndipo kukuwa kwake kudasintha n'kukhala kwa munthu amene akufadi. Anzathu aja amene mphindi zapitazo adali pambali pathu, amene tidafuula nawo limodzi, ndi amene adali pamwamba pake. Atachoka, pansi padatsala nsapato imodzi, ndipo holo idangoti zii. Ndidamva pambuyo pake kuti nkhaniyi Shakespeare sadaipeke. Olemba mbiri akale amanena kuti mlakatuli Helvius Cinna adaphedwadi ndi khamu pa nthawi ya maliro a Caesar, atamusokoneza ndi Cornelius Cinna. Munthu adafera dzina, ndipo patapita zaka zoposa 2,000 ife tidamuseka.

Usiku umenewo ndidatsegula buku n'kuyamba kulondola mawu a munthu mmodzi wa m'khamu, amene m'buku lathu amangotchedwa nzika yachinayi. Brutus atayankhula, ndi iye amene amati zabwino zonse za Caesar zivekedwe chisoti mwa Brutus. Antony akuyamba kuyankhula, ndi iye amene amachenjeza kuti asayerekeze kunena zoipa za Brutus pamalopo. Patangopita kanthawi, ndi iye amene amatcha Brutus ndi anzake oukira. Pomaliza ndi iye amene amati Cinna akhadzulidwe chifukwa cha ndakatulo, n'kuwonjezera kuti zilibe kanthu kuti ndi Cinna uti, dzinalo lingozulidwa mumtima mwake. Munthu ameneyu alibe dzina, sitimulemba pa mndandanda wa ampangankhani ofunika, ndipo sindidamvepo funso la mayeso lonena za iye. Komatu Brutus ndi Antony onse ankalimbirana iyeyo, ndipo kumene adapendekera n'kumene Roma adagwera. Choipitsitsa n'choti pa ulendo uliwonse ankakhulupirira ndi mtima wonse zimene ankafuula, monga momwe ine ndinkakhulupirira.

Sewero litatha, mkulu wina mwa alendo amene adabwera kudzaonerera adadandaula kuti sewero lotere siloyenera ana asukulu, chifukwa limaphunzitsa kuukira ndi kupha atsogoleri. Ndimawalemekeza bambowo, ndipo nkhawa yawo siyopanda maziko. John Wilkes Booth adasewera nawo sewero lomweli ku New York mu Novembala 1864, ndipo mu Epulo 1865 adawombera Pulezidenti Abraham Lincoln m'nyumba ya zisudzo ku Washington, kenako n'kudandaula m'kabuku kake kuti akusakidwa chifukwa chochita zimene Brutus adalemekezedwa nazo. Koma ndikuona kuti Booth adalakwitsa mofanana ndi kope langa: adatenga Brutus ngati ngwazi, n'kusiya theka lachiwiri la sewero. Caesar amafa sewero lili pakati, ndipo zotsatira zake ndi moto m'misewu, mlakatuli wophedwa, akuluakulu a Seneti makumimakumi ophedwa kuphatikizapo Cicero, ndi nkhondo ya pachiweniweni. Mbiri imapitiriza pamene sewero lalekezera. Brutus ndi Cassius adagonja ku Philippi m'chaka cha 42, Antony adagonjetsedwa ndi Octavius ku Actium m'chaka cha 31, ndipo m'chaka cha 27 Yesu asanabadwe Octavius adapatsidwa dzina loti Augustus n'kulamulira yekha kwa zaka zoposa 40. Amene adapha munthu mmodzi poopa ufumu adatsegulira njira mzere wa mafumu umene udakhala zaka mazanamazana. Wophunzira amene waonera mpaka kumapeto sangatuluke akusirira mpeni.

Ndiponso seweroli silitiuza kuti Caesar akadasiyidwa zinthu zikadakhala bwino, popeza Flavius ndi Marullus adasowa iye ali moyo. Silimupatsa munthu malo abwino oti aimepo n'kumaloza anzake chala, ndipo ndikuganiza kuti n'chifukwa chake atsogoleri ena oganiza adalikonda. Julius Nyerere adalimasulira m'Chiswahili n'kulisindikiza mu 1963, ali kale mtsogoleri wa Tanganyika, ndipo sindikhulupirira kuti ankafuna kuphunzitsa anthu ake kubaya atsogoleri. Cassius mwiniwake, manja ali magazi okhaokha, amalosera kuti zimene achitazo zidzaseweredwa m'mayiko amene sadabadwe ndi m'zilankhulo zimene sizidadziwike. Ankaganiza kuti mibadwo idzawatama ngati omasula dziko. Ife tidali limodzi mwa mayiko amenewo, ndipo tidawombera m'manja mnzake Brutus, kenako mdani wake, osaona kusiyana. Ndikumbutsenso bambo aja kuti pa zifukwa zimene Caesar adapereka zomukayikira Cassius, china chidali choti sakonda masewero.

Pempho langa likupita kwa aphunzitsi athu, kwa okonza mayeso ndi kwa magulu a zisudzo amene amawerenga nyuzipepala yanu. Khamu liphunzitsidwe ngati mpangankhani payekha, ndipo ophunzira azifunsidwa kulondola mawu ake kuchokera kwa wosoka nsapato wa m'gawo loyamba mpaka kwa opha Cinna. Funso loti tifotokoze ulemu wa Brutus lizibwera pamodzi ndi funso loti tifotokoze amene adalipira mtengo wa ulemuwo. Mawu a Antony otama Brutus kumapeto, oti adali wolemekezeka kuposa Aroma onse, ophunzira asamawaloweze ngati chigamulo cha wolemba, popeza akutuluka pakamwa pa munthu yemwe uja adaloza mabowo amene sadawaone, ndipo akunenedwa pa mtembo wa mdani amene sangamuopsenso. Magulu amene amafupikitsa seweroli chifukwa cha nthawi adule pena paliponse, koma kachigawo ka mlakatuli akasiye momwe kalili, ndipo oonera akafuna kuseka awalole aseke.

Limodzi mwa mapepala a Cinna lidagwera pafupi ndi phazi langa, ndipo ndidalitola. Padalibe ndakatulo, lidali pepala lakale la masamu la munthu wina, lofufutidwafufutidwa, ndipo ndaliika m'buku langa pa tsamba la kachigawo kameneko. Gulu lathu likukonza zobwereza seweroli teremu ikubwerayi, ndipo ndakalembetsa dzina. Aphunzitsi adandifunsa ngati ndikufuna kuyeserera mbali ya Brutus kapena ya Antony, popeza ndili ndi mawu omveka patali, koma ndidawapempha kuti andipatse nzika yachinayi.

Ine wanu wowerenga nyuzipepala yanu,
Wophunzira wa kusekondale